Chithunzi sichiyabwa

Usiku wina mwana wanga wamng'ono anadzuka akulira, akudzikanda m'manja ndi pamimba ngati wagwera m'chitedze. Ndinachita zimene makolo ambiri akuchita masiku ano. Za chipatala ndisanaziganize n'komwe, foni inali kale m'manja. Ndinamuvula malaya, kumuimika pansi pa babu, n'kujambula timatuza tija. Chithunzicho ndinachiponya mu apu ina imene imati imazindikira matenda a pakhungu. Dzina lake lilibe ntchito, anzake ndi ambiri ndipo zochita n'zofanana. Kabwalo kanazungulira pagalasi masekondi angapo, yankho n'kubwera: chikanga. Ndinajambulanso, ulendo uno nditayatsa fulashi. Yankho linasintha, akuti walumidwa ndi tizilombo. Kutacha ndinamuimika pawindo n'kujambula kachitatu, apu ija n'kunena kuti khungu lake ladana ndi sopo kapena chovala. Mwana yemweyo, khungu lomwelo, matenda atatu.

Kuchipatala namwino sanataye nthawi pa timatuza ta pamimba timene ine ndinalimbikira kujambula. Anagwira dzanja la mwanayo, kutambasula zala, n'kusuzumira m'mipata mwake ndi pamfundo ya dzanja. Kenako mafunso. "Kumayabwa kwambiri nthawi yanji, masana kapena usiku? Amagona ndi ndani? Nanga inuyo bambo, simukudzikanda?" M'pamene ndinazindikira kuti chikhalire pampando paja ndinali ndikukanda chigongono. "Pang'ono, a nesi," ndinatero mwamanyazi. Anaseka. Inali mphere. Mankhwala anali a nyumba yonse, ndi amene sanayambe kumva kuyabwa omwe, chifukwa kachilombo kake kamatha kukhala m'khungu milungu 4 mpaka 6 munthu asanayambe kudzikanda. Zofunda zonse kuchapa.

Mafunso atatu aja ndiwo anagwira nthendayo, ndipo palibe limodzi limene yankho lake limaoneka pa chithunzi. Apa m'pamene pagona maganizo anga pa nkhani ya luso lamakono posamalira khungu. Odwala pakhungu sanakhalepo ndi mthenga wachangu ngati foni. Zimaipa tikamuveka mthengayo chovala choyera n'kumukhazika pampando wa dokotala. Chipangizo chilichonse, kaya ndi apu yaulere kaya ndi makina odula a m'chipatala chachikulu, ine ndimachiyeza ndi funso limodzi: chithunzi chikapita, uko chikupitako kuli munthu ndani amene ayankhe, ndipo akalakwitsa tikamupeza kuti?

Ndiyambe ndi kuyamika, mungandiyese mmodzi wa anthu aja amene chatsopano chilichonse amachinyogodola. M'ziwalo zonse za thupi, khungu ndilo lili poyera. Kuti uone mapapo pamafunika ekisire, kuti udziwe za chiwindi pamafunika kutenga magazi, koma khungu kamera ya foni imalifikira. Odwala nawo ndi ochuluka zedi. Kawerengedwe kakakulu ka matenda padziko lonse ka 2010 kanapeza kuti pa matenda ozunza anthu popanda kuwapha, a pakhungu ali pa nambala 4. Mphere yokha, malinga ndi bungwe la WHO, imakhala pa anthu oposa 200 miliyoni nthawi ina iliyonse. Akatswiri a khungu ndi ochepa paliponse. M'mayiko olemera munthu amatha kudikira miyezi kuti aonane nawo, ndipo m'mayiko ambiri a kumwera kwa chipululu cha Sahara katswiri mmodzi amalimbiranidwa ndi anthu oposa miliyoni. Mu Meyi 2025 msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana zoika matenda a pakhungu m'gulu la mavuto ofunika kuwaikira mtima padziko lonse. Anachedwa, koma bola.

Njira imene yathandiza kwambiri pa kusowa kumeneku ilibe matama. Wazaumoyo amene ali ndi wodwala amajambula nthendayo, n'kulemba mbiri yake: zaka za wodwala, tsiku limene zinayamba, mankhwala amene akumwa, ngati pakuyabwa kapena kupweteka. Zonsezo amatumiza kwa katswiri amene ali kutali, katswiriyo n'kuziona akapeza mpata, n'kuyankha tsiku lomwelo kapena mawa lake. Zinayamba kuyesedwa m'zaka za m'ma 1990 intaneti ikukwawabe, ndipo mu 2007 madokotala a ku mayunivesite a Pennsylvania ndi Graz anayambitsa ntchito yotere yolumikiza zipatala za mu Africa ndi akatswiri akutali. Covid-19 itavuta mu 2020, makiliniki ambiri a khungu anasamukira pa foni ndi pa kompyuta, ndipo gawo lina la ntchitoyo linakhazikika komweko mpaka lero. Phindu lake lalikulu ndi kusankhula odwala. Katswiri amatha kunena kuti uyu apake mafuta akutiakuti azikhala kunyumba, uyu abwere mwezi wamawa, koma uyu wa kadontho kosintha mtunduyu abwere mawa lomwe tidzachekepo kanyama kokayeza. Onetsetsani kuti kuno kuli munthu, uko kulinso munthu. Wina wagwira wodwala, wina wagwira luso.

Kenako kunabwera makompyuta ophunzira poona zitsanzo, amene aliyense akungowatchula kuti AI. Nkhani yake inawanda mu 2017. Akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anaphunzitsa kompyuta ndi zithunzi 129,450 za matenda a pakhungu 2,032, n'kuipikisanitsa ndi madokotala a khungu 21. Inafanana nawo mphamvu. Manyuzipepala analemba ngati kuti madokotala a khungu ayambe kulongedza katundu. Chimene ambiri sanachiwerenge n'chakuti pampikisanowo funso linali la mayankho awiri okha: chimene chili pa chithunzi ichi ndi khansa kapena ayi? Madokotala ajanso anangopatsidwa chithunzi basi, osafunsa wodwala, osamukhudza, osamuvula malaya kuti aone kumsana. Anawamanga manja ndi pakamwa pomwe, kenako n'kulengeza kuti makina awapeza.

Zoseketsa zinadza pambuyo. Ena mwa ofufuza omwewo anadzaulula kuti makina oterewa ankakonda kunena kuti khansa akaona rula pa chithunzi. Chifukwa chake n'chapafupi. Dokotala akakayikira kadontho amaika rula pambali pake kuti kukula kwake kudziwike, choncho pa zithunzi zophunzirira rula ankapezeka kwambiri pamene pali khansa. Kompyuta inaphunzira rula. Mu 2019 ofufuza a ku Heidelberg, ku Germany, anaonetsa zofananazo ndi inki ya gentian violet imene madokotala amaikira chizindikiro pakhungu. Popanda inki, pa timadontho 100 tosaopsa makina ankalondola 84 kuti n'tosaopsa. Timadonthoto titaikidwa inki pambali, nambala inatsikira pa 46. Makinawa sadziwa kuti khansa n'chiyani. Amaloweza zinthu zimene zimayendera limodzi pa zithunzi, ngati mwana wasukulu amene watulukira kuti pa mayeso osankha yankho lalitali ndilo limakhala lolondola. Amakhoza ndithu, mpaka tsiku limene mphunzitsi wasintha kafunsidwe.

Tsono ngati makina amadziwa zokhazo zimene anaonetsedwa, tifunse kuti anaonetsedwa khungu la yani. M'Chichewa liwu lakuti khungu limasenza matanthauzo awiri, chikopa cha munthu ndi kusaona, ndipo pa nkhani ino awiriwa akumana. Mu 2021 ofufuza a ku Oxford anasanthula nkhokwe 21 za zithunzi za khansa ya pakhungu zimene aliyense wofuna kuphunzitsa kompyuta amatha kutapamo. Munali zithunzi zoposa 100,000. Zimene zinalembedwa mtundu wa khungu la mwini wake zinali 2,436 zokha. Mwa zimenezi, za khungu loderako zinali 10. Cha khungu lakuda chinali chimodzi.

Wina angati khungu ndi khungu, nthenda ndi yomweyo. Nthenda ndi yomweyo inde, koma kaonekedwe kake ayi. Mabuku ambiri a udokotala amaphunzitsa kuti khungu lodwala limafiira. Pa khungu lakuda kufiira kumeneko nthawi zambiri sikuoneka. Malowo amangoda mopitirira, kapena kutuwa, kapena kuoneka ngati pepo. Chikanga chimene pa khungu loyera chimakhala chigamba chofiira, pa khungu lakuda chimatha kubwera ngati timabudu ting'onoting'ono tozungulira tsinde la ubweya. Malone Mukwende, wobadwira ku Zimbabwe, ali wophunzira udokotala ku St George's ku London, anatopa ndi kufunsa mmene zizindikiro zimaonekera pa khungu ngati lake osapeza yankho lomveka, mpaka mu 2020 iye ndi aphunzitsi ake awiri anatulutsa kabuku ka zithunzi kotchedwa Mind the Gap. Ngakhale muyezo umene ofufuza amagawira mitundu ya khungu unabadwa ndi vuto lomwelo. Thomas Fitzpatrick wa ku Harvard anaupanga mu 1975 pofuna kudziwa mlingo wa kuwala kochizira nthenda ya pakhungu yotchedwa psoriasis popanda kumuwotcha wodwala. Poyamba unali ndi magulu 4, onse a khungu loyera. Magulu a 5 ndi 6, mmene munaunjikidwa anthu mabiliyoni a khungu lodera ndi lakuda, anachita kuwonjezeredwa pambuyo pake.

Izi si za manambala chabe. Melanoma, khansa yoopsa kwambiri ya pakhungu, ndi yosowa pa anthu akuda poyerekeza ndi azungu, koma ikabwera imakonda malo ake: kuphazi, m'chikhatho, pansi pa chikhadabo. Ndi imene inatenga Bob Marley mu 1981 ali ndi zaka 36, itayambira pa chala cha kuphazi. Makina amene anaphunzira pa timadontho ta pamsana wa anthu owothera dzuwa m'mbali mwa nyanja, chidendene cha munthu wakuda angachidziwe bwanji? Mu 2025 bungwe la NICE, limene limaunika mankhwala ndi zipangizo za m'zipatala za boma ku England, linalola makina ena a AI kuti azisankhula anthu oganiziridwa khansa ya pakhungu kwa zaka 3 umboni ukusonkhanitsidwa, koma linanenetsa kuti pa anthu a khungu lakuda ndi loderako wazaumoyo aziunikanso. Kuvomereza poyera kotereku ndimakulemekeza. Apu imene munthu amangoitsitsa m'foni mwake sinena zimenezi, kapena imazinena m'timalemba tosaoneka tija timene tonse timangodina kuti tavomera.

Kamera nayo ndi mboni yokondera. Foni zambiri zimakongoletsa zithunzi pazokha, kusalaza khungu, kuwalitsa nkhope, kufufuta timabala. Pa chithunzi choika pa Facebook imeneyo ndi ntchito yabwino, pa chithunzi cha nthenda ndi kufafaniza umboni. Fulashi imanyezimira pa khungu lakuda n'kubisa mamba, babu limasintha mtundu, WhatsApp imafinya chithunzi kuti chipite msanga, tinthu tating'ono n'kutayika panjira. Mayankho atatu a mwana wanga aja ndikukhulupirira anachokera apa.

Mbiri ya ma apu ogulitsidwa mwachindunji kwa odwala siinunkhira bwino. Mu 2011 FTC, bungwe la boma la America loteteza ogula, linagwira opanga ma apu awiri amene ankati amachiza ziphuphu ndi kuwala kwa pagalasi la foni: uyatse, ugunditse foni patsaya, udikire. Anthu anagula. Mu 2015 bungwe lomwelo linalanga ogulitsa ma apu a MelApp ndi Mole Detective ponena popanda umboni kuti amazindikira melanoma. Mu 2020 magazini ya zachipatala ya BMJ inasonkhanitsa umboni umene unalipo pa ma apu otere n'kupeza kuti sangadaliridwe kugwira khansa zonse. Makina akuthwa chaka ndi chaka, sindikana. Komabe chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndipo apu yokongola pagalasi siikuuza kuti inayesedwa pa anthu angati.

Ngakhale zipangizo zovomerezeka zili ndi polekezera. Mu Januwale 2024 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linavomereza kachipangizo kam'manja kotchedwa DermaSensor, kamene dokotala wamba amakagunditsa pa kadontho, kuwala n'kulowa m'khungu. Pa kafukufuku wake kanagwira khansa pafupifupi 96 pa 100. Koma pa timadontho 100 tosaopsa, timene kanatimasula kuti tilibe vuto tinali pafupifupi 21, totsalato kanati tikaunikidwenso. M'manja mwa dokotala zimenezi zili ndi ntchito, chifukwa iye amadziwa kuti si utsi uliwonse umene umanena kuti nyumba yapsa. M'manja mwa mayi amene ali yekha pakati pa usiku, chenjezo lotere ndi kusowa tulo basi.

Ndili ndi mnzanga amene timatsutsana naye nkhaniyi kawirikawiri. Iye amati: "Iwe umayankhula ngati madokotala salakwitsa. Komanso kumene kulibe katswiri, yankho la makina silipambana kukhala chete?" Mfundo yoyambayo ndi yoona, ndipo manambala akumuikira umboni. Mu 2024 magazini ya Nature Medicine inafalitsa kafukufuku amene anaonetsa zithunzi 364 za matenda 46 kwa akatswiri a khungu 389 ndi madokotala wamba 459. Akatswiri analondola 38 pa 100, madokotala wamba 19 pa 100, ndipo onse anatsikako ndi 4 pa khungu lakuda. Atapatsidwa AI kuti iwathandize, magulu onse awiri anakwera ndithu. Koma kwa madokotala wamba phindulo linapendekera ku khungu loyera, kusiyana kwa makungu awiriwo n'kukula. Mnzangayo amaona kufooka kwa madokotala m'manambalawa. Ine ndimaonamo kufooka kwa chithunzi. Katswiri wa zaka zambiri ukamupatsa chithunzi chokhachokha chopanda mbiri amaphonya koposa theka, ndiye kuti chosowacho sichili m'maso mwa woyang'anayo, kaya ndi munthu kaya ndi makina.

Mfundo yake yachiwiri ndiyo yolimba, ndipo ndimaiyankha ndi khate. Ambiri amayesa linatha, koma chaka chilichonse padziko pamapezeka odwala atsopano pafupifupi 200,000. Limayamba mofatsa, kachigamba kotuwa pakhungu, kosayabwa, kosapweteka. Pa chithunzi kamafanana ndi zinthu zina zambiri zosaopsa, monga chipere kapena mawanga otuwa a fangasi. Wazaumoyo wodziwa ntchito amatenga kathonje n'kukapota nsonga. Amayamba wakhudza malo abwinobwino wodwala akuona, n'kumuuza kuti aziloza pamene wakhudzidwa. Kenako amuuza atsinzine. Akhudza pamkono, chala chiloza. Akhudza paphewa, chala chiloza. Akhudza pakati pa chigamba chija, wodwala ali phee, akudikirabe kuti akhudzidwe. Kudikira kumeneko ndiye yankho. Akatero amapapasa kuseri kwa chigongono kuti amve ngati mtsempha wanenepa. Khate likagwidwa pamenepa limachira ndi mankhwala a miyezi 6 kapena 12, amene akhala akuperekedwa ulere kudzera ku WHO kuyambira 1995, munthu osalumala. Apu ikalitcha chipere, munthu apaka mafuta zaka ziwiri mitsempha ikufa mwakachetechete, n'kudzafika kuchipatala zala zitapindika. Foni ikanakhala chete, akanatsala ndi nkhawa, ndipo nkhawayo mwina ikanamufikitsa kuchipatala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Yankho lotonthoza lija ndilo linamugoneka.

Pali zina zimene sizidikira n'komwe zaka. Zidzolo zobwera ndi kutentha thupi, maso kufiira, milomo kusupuka, zikhoza kukhala thupi likukana mankhwala monga cotrimoxazole, nevirapine kapena carbamazepine, vuto lotchedwa Stevens-Johnson limene limapha. Tsiku loyamba chithunzi chake chimafanana ndi zidzolo wamba. Chopulumutsa munthu ndi funso lakuti mwayamba kumwa mankhwala anji milungu yapitayi, ndi wina wonena kuti siyani lero lomwe, bwerani pompano.

Yankho lolakwika silithera pagalasi, limakafika pa shelefu ya mankhwala, ndipo ma apu ena a khungu amathera dala pa batani lakuti gulani. Munthu wouzidwa kuti ali ndi chikanga amafuna mafuta a steroid, monga betamethasone kapena clobetasol, amene m'mayiko ambiri amagulika popanda chikalata cha dokotala. Ngati chinali chipere, mafutawo amaziziritsa kuyabwa masiku oyamba, munthu n'kuyamika, uku fangasi akufalikira. Mkombero wodziwika wa chipere uja umafufutika moti ngakhale katswiri amavutika kuchizindikira. Ku India mafuta osakaniza steroid ndi mankhwala a fangasi apakidwa mwachisawawa kwa zaka zambiri, ndipo madokotala akumeneko amawaloza chala pa mliri wa zipere zosamva mankhwala. Fangasi wake, Trichophyton indotineae, anapatsidwa dzina mu 2020, ndipo pano wapezeka ku Ulaya ndi ku America. Ma apu sanayambitse vutoli. Koma kuika m'thumba mwa aliyense makina otchula dzina la nthenda, mafuta ali pakauntala osafunsa chikalata, ndi kusonkhezera moto umene ukuyaka kale.

Chinanso sitikonda kuchikamba. Matenda a pakhungu sasankha malo. Amatuluka pankhope, m'khwapa, pansi pa mabere, kumaliseche. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo alipo amene sangavule pamaso pa dokotala koma amalimba mtima kujambula n'kutumiza. Pamenepa foni yathandiza anthu. Koma chithunzi chikachoka m'foni chimapita kuti? Chimasungidwa dziko liti, zaka zingati, amachiona ndani? Kodi sichikuphunzitsa makina a kampani amene mawa adzagulitsidwa kwa iwe wemwe? Mu 2023 mbava za pa intaneti zinathyola makompyuta a gulu lina la zipatala ku Pennsylvania, ndipo eni ake atakana kulipira dipo, zinamwaza pa intaneti zithunzi za odwala khansa ali osavala. Ngati zinagwera chipatala chokhala ndi malamulo ndi akatswiri a makompyuta, nanga apu imene mwini wake sitimudziwa ngakhale dziko lake? Nkhope kapena chipsera chodziwika sichibisika pongofufuta dzina. Azaumoyo nawo amene amaponya zithunzi za odwala m'magulu a WhatsApp kuti anzawo awathandize maganizo, cholinga n'chabwino, koma mwini khunguyo anamupempha? Chithunzi chake chimatsala m'mafoni makumi angapo, pakati pa zithunzi za ana ndi za mpira.

Malo amene ndimaona kuti AI ikuyenera ndi m'manja mwa wazaumoyo wa kutsogolo, namwino kapena dokotala wamba amene amaona zonse, kuyambira chifuwa mpaka mabala, koma za khungu anaziphunzira milungu yochepa. WHO inatsata njira imeneyi ndi apu yake ya Skin NTDs, yopangidwira azaumoyo, ndipo mu 2024 mbali yake ya AI inayesedwa m'zipatala za ku Kenya, pa makungu a anthu enieni amene ikufuna kuwathandiza. Wazaumoyo akajambula, makina amamupatsa matenda angapo oti awaganizire. Iye ali ndi thonje, ali ndi zala, ali ndi pakamwa pofunsira. Makina akamukumbutsa khate iye akuganiza chipere, amutsinzinitsa wodwala pomwepo. Komabe naye achenjere. Kafukufuku wa mu 2020 wotsogozedwa ndi akatswiri a ku Vienna anaonetsa kuti amene sadziwa zambiri ndiwo amapindula kwambiri ndi AI yabwino, komanso kuti AI ikasokonekera imasocheretsa onse, ndi akatswiri omwe. Munthu amachita ulesi kutsutsa makina, makamaka mzere wa odwala utafika kukhomo. Pophunzitsa azaumoyo kugwiritsa ntchito zipangizozi, aziwaphunzitsanso kuzikana.

Wogulitsa mankhwala amalemba pabotolo zimene zili m'katimo. Wogulitsa makina oyeza khungu naye azilemba poyera kuti anawaphunzitsa ndi zithunzi zingati za khungu lanji, ndipo anakhoza bwanji pa gulu lililonse. Vutoli lili ndi mankhwala ake. Mu 2022 ofufuza a ku Stanford anatulutsa nkhokwe ya zithunzi 656 za makungu osiyanasiyana, chilichonse chotsimikizidwa ku labotale. Makina otamandidwa atayesedwa pa zithunzizo anagwa, makamaka pa khungu lakuda, koma ataphunzitsidwanso nazo kusiyana kuja kunatha. Ndiye zithunzi zikufunika, zochuluka. Chachikulu zizitengedwa mopempha, ndipo anthu amene apereka khungu lawo kuti makina aphunzirepo asadzakhale omaliza kudyerera.

Ndipo dzina la nthenda palokha silichiza munthu. Munthu wachialubino amene wajambulidwa kachilonda kosapola pakhutu akufunika wina woti akawotche kapena kukacheka kasanasanduke khansa yaikulu, akufunikanso mafuta oteteza ku dzuwa tsiku ndi tsiku. Boma kapena bungwe limene likugula makina apamwamba, mankhwala a mphere atatha m'famase ndipo kanyama kokayeza kakudikira miyezi ku labotale, layamba ndi denga maziko asanakumbidwe.

Kwa ife odwala ndi makolo, foni ili ndi ntchito ina imene timaiiwala: kusunga. Zidzolo zina zimatuluka usiku, pofika kuchipatala zazimiririka, dokotala n'kumakuyang'ana ngati wanama. Chithunzi chimakuikira umboni. Kadontho kojambulidwa mwezi ndi mwezi, pa kuwala kwa masana kosawomba mwachindunji, fulashi ndi zokongoletsa zonse zitazimitsidwa, chithunzi china chapatali choonetsa malo ake pathupi, china chapafupi, kamamuonetsa dokotala ngati kakukula kapena kusintha mtundu. Chimenechi iye sangachione pa ulendo umodzi, ngakhale akhale katswiri chotani.

Mwana wanga anachira. Namwino uja anatichenjezeratu kuti kuyabwa kungapitirire milungu 2 mpaka 4 tizilombo titafa kale, tisathamangire kukagula mafuta ena, ndipo zikapitirira pamenepo tibwerenso. Zinatero ndithu. Sabata yachitatu, ine ndikudzikandabe pang'ono pachigongono, foni inalira. Inali apu ija. Za mwana sinafunse. Imapempha kuti ndiipatse nyenyezi 5.